Kupeka Moto: Luso Lomwe Linachoka M'manja N'kutsala M'mawu

Jet Park ndi dera la mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu ku Boksburg, mu mzinda wa Ekurhuleni, kum'mawa kwa Johannesburg. Derali lili pafupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo, ndipo malole amalowa ndi kutuluka usana ndi usiku kudzera m'misewu ya R21 ndi N12. Pafupifupi chilichonse choyenda kumeneko chimayenda ndi moto: wa m'injini za ndege, wa m'injini za malole, ndi wa malasha omwe amatenthedwa kwina kuti magetsi afike m'mafakitale. Koma moto wonsewo ndi wotsekeredwa m'zitsulo, ndipo wantchito akhoza kutha mwezi wathunthu osaona lawi. Pakati pa ogwira ntchito m'chigawo cha East Rand chimenechi pali Amalawi ambiri, zidzukulu za anthu omwe dzina la mtundu wawo limatanthauza malawi a moto, komanso omwe nthano yawo ya chilengedwe imati imfa inadza m'dziko tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri.

Nkhani ino ikutsata mbiri ya luso lopeka motolo. Mfundo yake ndi yakuti luso limeneli silinasiye umboni wokwanira m'nthaka, choncho wofuna mbiri yake ayenera kuifunafuna m'nthano, m'miyambo ya mafumu, makamakanso m'aneni a zilankhulo za kuno kummwera kwa Africa. Chigawo cha East Rand n'choyenera kuyambirapo chifukwa mapanga omwe ali ndi umboni wakale kwambiri wa moto sali kutali nacho, komanso chifukwa ndi kumene malasha, magetsi ndi zilankhulo za anthu a mitundu yambiri zinakumana.

Mmene moto umapekedwera

Njira yomwe inafala kwambiri mu Africa ndi ya mitengo iwiri youma. Wina umagonekedwa pansi n'kupondedwa ndi phazi; umenewu umakhala wofewa, ndipo amaubowola kadzenje kosaya n'kusema kampata m'mbali mwa kadzenjeko. Winawo ndi ndodo yowongoka, yopyapyala, yomwe nsonga yake imalowa m'kadzenjemo. Wopeka amaika ndodoyo pakati pa zikhatho n'kumaizunguza uku akuikanikizira pansi. Manja amatsetsereka kutsika ndi ndodoyo, ndipo akafika pansi ayenera kubwerera pamwamba msangamsanga kutentha kusanathawe. N'chifukwa chake anthu awiri ankatha kulandirana ndodo imodzi, wina akamafika pansi mnzake n'kuyambira pamwamba.

Ambiri amaganiza kuti chomwe chimayaka ndi mtengowo, koma si choncho. Mitengo ikamakhulana imatulutsa utuchi wosalala ngati ufa, womwe umayamba wofiirira kenaka n'kuda. Utuchiwo umagwera m'kampata kaja n'kuunjikana, ndipo kutentha kukafika pafupifupi madigiri 400 kamuluko kamasanduka kakhala kofuka utsi. Lawi limakhala lisanabadwe. Kakhalako amakathira mosamala pa udzu wofewa kapena ndowe youma, n'kuuzira pang'onopang'ono kufikira udzuwo utalilima. Mtengo wouma ndi wopepuka sumwaza kutentha msanga, n'chifukwa chake ndi umene umafunika. Wauwisi kapena wonyowa umangotopetsa manja. Choncho nzeru yaikulu ya wopeka inali kudziwa mitengo: uti wogoneka, uti woimika, udulidwe nyengo iti, usungidwe pati kuti mvula isaupeze.

Anthu a kumaiko ena anapeza njira zawo. Kuzilumba za Polynesia ankakhula ndodo mu mzere wosemedwa pa thabwa ngati akulima. Kummwera chakum'mawa kwa Asia ankacheka nsungwi ndi nsungwi inzake. Aigupto akale ankazunguza ndodo ndi chingwe cha uta. Njira ya zikhatho ndiyo yosowa zipangizo zambiri kuposa zonse, ndipo ndiyo yofuna luso lalikulu.

Zomwe nthaka inasunga

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kumadzulo kwa Jet Park pali phanga la Swartkrans, limodzi mwa mapanga a dera lomwe bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse mu 1999. M'chaka cha 1988, C.K. Brain ndi Andrew Sillen analengeza m'magazini ya sayansi ya Nature kuti m'phangamo munapezeka zidutswa 270 za mafupa opserera, za zaka zosachepera 1 miliyoni. Iwo anatentha mafupa atsopano pofuna kuyerekeza, ndipo anapeza kuti mafupa akalewo anapsa ndi kutentha kofanana ndi kwa moto wosonkhedwa ndi nkhuni, koposa kwa moto wa lupsa womwe umangodutsa. Mu 2012, Francesco Berna ndi anzake anasonyeza phulusa ndi mafupa opsa a zaka pafupifupi 1 miliyoni m'kati mwenimweni mwa phanga la Wonderwerk, pafupi ndi Kuruman, pamalo pomwe moto wa m'tchire sukanafika wokha.

Umboni umenewu ndi wa kugwiritsa ntchito moto, osati wa kuupanga. Kusiyana kwa ziwirizi n'kwakukulu. Munthu wakale ankatha kutola chikuni pomwe mphezi yagwa, n'kuchisunga masiku ambiri, osadziwa kuyambitsa moto wakewake. Umboni wakale kwambiri wa kupanga moto womwe walengezedwa kufikira tsopano unatuluka mu December 2025, kuchokera ku Barnham, m'chigawo cha Suffolk ku England, komwe kunapezeka dothi lopsa, nkhwangwa zamiyala zong'ambika ndi kutentha, ndi tizidutswa ta mwala wa pyrite, zonse za zaka pafupifupi 400,000. Mwala wa pyrite umatulutsa nthethe ukamenyedwa ndi mwala wina wolimba. Koma njira imeneyo ndi yamiyala, ndipo miyala siola. Timitengo topekera moto timadyedwa ndi chiswe m'zaka zowerengeka. Timapulumuka pamalo ouma kwambiri okha, monga m'manda a Tutankhamun omwe Howard Carter anawapeza mu 1922, momwe munali thabwa lopekera moto lokhala ndi timaenje topserera. Kotero buku lililonse lonena za chiyambi cha moto limakondera miyala, osati chifukwa miyala ndiyo inayamba, koma chifukwa ndiyo inatsala.

Ngakhale m'nthawi zaposachedwa vutoli ndi lomweli. Mu 1963 Revil Mason anafukula ng'anjo yosungunulira chitsulo pa Melville Koppies, m'kati mwa Johannesburg. Ng'anjoyo ilipo, zotsalira za chitsulo zilipo, koma chomwe chinayatsa makala ake oyamba sichinasiye chizindikiro.

Kaphirintiwa ndi moto wa Kalonga

Pomwe nthaka yakhala chete, nthano ya Achewa ikulankhula mosabisa. Monga momwe inalembedwera ndi Matthew Schoffeleers ndi Adrian Roscoe m'buku lawo la 1985, Land of Fire, mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba pamodzi ndi mvula, natera pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo. Chauta ndi nyama zonse anatsika nawo, ndipo onse ankakhala mwamtendere. Tsiku lina mwamunayo, poseweretsa timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, anapeka moto. Anamuletsa, koma sanamve. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, pamene njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Bilimankhwe anakwera mumtengo naitana Chauta kuti amutsate, koma Chauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Kangaude ndiye anamulukira ulusi womwe anakwera nawo kumwamba, ndipo ali kumeneko analamula kuti munthu azifa.

Nthanoyi yafotokozedwa kawirikawiri ngati nkhani ya chipembedzo, ndipo ndi yoterodi, koma ilinso ndi mfundo za luso zomwe wolemba mbiri sayenera kuzidumpha. Ikutchula mitengo iwiri, ikusiyanitsa wofewa ndi wolimba, ndipo ikuti moto unabadwa pozunguza, osati pomenya miyala. Amene anaisimba poyamba ankadziwa ntchitoyo ndi manja awo. Chinanso n'chakuti khasu, lichero ndi mtondo zinachokera kumwamba, koma moto wokha ndiwo munthu anaupanga yekha. M'nthano ya Agiriki, Prometheus anaba moto kwa milungu. M'nthano ya Achewa palibe chobedwa, munthu ndiye mwini luso, ndipo Chauta ndiye akuthawa. Schoffeleers anaonanso kuti nthanoyi ikutsata kayendedwe ka chaka: imayamba ndi mvula yoyamba n'kutha ndi moto wa lupsa wa m'chilimwe. Iye anamasulira Gule Wamkulu ngati nthawi yomwe nyama, mizimu ndi anthu amayanjananso kwa kanthawi m'mudzi, monga zinalili moto usanapekedwe. Pa nkhani ya mitengo iwiriyo, mitundu yambiri ya mu Africa imatcha woimirira mwamuna ndi wogona mkazi, ndipo n'zosadabwitsa kuti chilankhulo cha kutentha ndi kuzizira, chomwe chili pa phata pa mwambo wa mdulo, chimagwira nkhani za moto ndi za m'banja pamodzi.

Pa moyo wa tsiku ndi tsiku anthu sankapeka moto m'mawa uliwonse. Chikuni chachikulu chinkagona chikunyeka m'phulusa, ndipo amene moto wamuzimira ankatuma mwana kukapala kwa mnansi ndi phale kapena kachikuni. Mneni ameneyu, kupala moto, ndiye anabala chining'a chakuti wapala moto kudambwe, chonenedwa kwa munthu amene wadziputira mlandu woposa msinkhu wake. Kupeka kunali kwa alenje ndi apaulendo omwe ali kutali ndi mudzi, ndiponso kwa nthawi zomwe mwambo unkafuna moto watsopano, wosachokera ku moto wina uliwonse.

Apa ndi pomwe luso la manja linakumana ndi ufumu. Mbiri yapakamwa yomwe Schoffeleers ndi ena anasonkhanitsa imanena kuti kulikulu la Kalonga kunkayaka moto wosazima nthawi yonse ya ufumu wake, ndipo unkazimitsidwa iye akamwalira, kuti wolowa m'malo ayambe ndi wake. Likulu limeneli linali m'dera la Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, komwe Yusuf Juwayeyi anafukula zitsulo, mkuwa, mikanda ndi mbale zochokera ku China, monga akufotokozera m'buku lake la 2020. Kutentha tchire nakonso sikunali kwa aliyense: kunkayembekeza chilolezo cha eni dziko ndi a kukachisi, ndipo kuotcha phiri la Bunda chaka ndi chaka kunali mwambo wachipembedzo. Dzina lakuti Maravi, lomwe likupezeka m'zolemba za Apwitikizi za m'zaka za m'ma 1600, lamasuliridwa mosiyanasiyana: ena amati linachokera ku kuwala kwa ng'anjo usiku, ena ku kunyezimira kwa dzuwa panyanja, ena ku moto wa lupsa. Schoffeleers, m'nkhani yake ya 1972 yonena za dzinali, analilumikiza ndi moto wa miyambo ya ufumu wa Aphiri. Matanthauzo onsewo akuzungulira chinthu chimodzi, ndipo dzina lomwelo ndi lomwe dziko linatenga pa 6 July 1964.

Machesi ndi njira ya ku Joni

Chomwe chinapha luso lopeka moto ndi kamtengo kenanso. John Walker wa ku Stockton-on-Tees, ku England, anayamba kugulitsa machesi okhula mu 1827, ndipo mu 1844 Gustaf Erik Pasch wa ku Sweden anapeza njira ya machesi oyaka pokhapokha akakhulidwa pa bokosi lake. Machesi nawo ndi moto wa kukhulana. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala a kumutu kwake amayaka ndi kutentha kochepa, kotero ntchito yomwe inkatuluka ndi thukuta inasanduka ya kamphindi. Kampani ya Lion Match inakhazikitsidwa ku South Africa mu 1905. Ku Nyasaland machesi analowa m'midzi kudzera m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye, komanso m'masutikesi a amuna obwera kuchokera ku Halale ndi ku Joni.

Boksburg ili pakatikati pa mbiri imeneyi. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, migodi inasowa nkhuni, pakuti dera lokwera limenelo ndi la udzu, mitengo ndi yochepa. Malasha omwe anapezeka ku Boksburg kumapeto kwa zaka za m'ma 1880 ndiwo anapulumutsa migodiyo, ndipo njanji yoyamba ya ku Transvaal, yotchedwa Rand Tram, inatsegulidwa mu 1890 kuti izinyamula malashawo kupita ku Johannesburg. Mgodi wa East Rand Proprietary Mines unayamba mu 1893, ndipo pambuyo pake unadzakhala umodzi mwa migodi yakuya kwambiri padziko lonse. Mu 1897 ku Brakpan, chakum'mawa pang'ono, kunayamba kugwira ntchito nyumba yopangira magetsi a migodi kuchokera ku malasha. Ina ya mtundu womwewo, ya Kelvin ku Kempton Park, inayamba mu 1957.

Anthu a ku Nyasaland anafika m'migodi imeneyi m'mafunde. Bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu ochokera kumaiko otentha a kumpoto chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pofika 1973 Amalawi a m'migodi ya ku South Africa anaposa 100,000. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, ndipo Dr. H. Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Kunayambiranso mu 1977, n'kutheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza kachilombo ka HIV. Dzina la Wenela linatsala pa malo okwerera mabasi ku Blantyre. Mwa amuna oyambirira aja, omwe ena anayenda pansi miyezi yathunthu kudutsa m'nkhalango za Mozambique ndi Southern Rhodesia, munali anthu omwe anakula akuona moto ukupekedwa, ndipo anakamaliza ulendo wawo pansi pa nyali zamagetsi za m'makomboni a migodi. Mibadwo iwiri kapena itatu inali yokwanira kuti manja aiwale.

Aneni omwe sanazime

Luso likafa, mayina a zipangizo zake ndiwo amayamba kuiwalika, chifukwa dzina limafuna chinthu choti lilozeko. Mneni ndi wosiyana: amatha kusamuka n'kukagwira ntchito yatsopano. Izi n'zomwe zinachitikira mneni wa kupeka moto m'zilankhulo zingapo za Chibantu, ndipo chilankhulo chilichonse chinamutengera njira yake.

M'Chichewa cha lero, wophunzira akamva mawu akuti kupeka amaganiza za kupeka nyimbo, kupeka ndakatulo, kapena nkhani zopeka za m'mabuku a sukulu. M'bwalo la milandu, zopeka ndi bodza. Tanthauzo la moto latsala kwa akuluakulu ndi m'mabuku otanthauzira mawu. Wina akhoza kunena kuti awa ndi aneni awiri osiyana omwe angofanana kamvekedwe, monga zimachitikira m'chilankhulo chilichonse. Koma Chishona chikupereka umboni wolimbikitsa ganizo lakuti ndi mneni mmodzi yemwe tanthauzo lake linakula. M'Chishona kusika ndi kuzunguza ndodo pakati pa zikhatho, kaya popeka moto kaya potakasa chakudya, ndipo kusika komweko ndiko kulenga; limodzi mwa mayina a Mulungu ndi Musikavanhu, wolenga anthu. Tsinde la Chishona ndi losiyana ndi la Chichewa, koma njira yomwe tanthauzo linayenda ndi imodzi: kuchoka pa kutulutsa moto pomwe panalibe moto, kufika pa kutulutsa chinthu chomwe kunalibe. Achewa anapereka mneniyo kwa woimba ndi wabodza, Ashona anamupereka kwa Mlengi. Poganizira nthano ya Kaphirintiwa, momwe wopeka moto ndi munthu wosamva kuletsa, kugawana kumeneku kukuoneka koyenera. Chiswahili chili ndi kupekecha, mawu omwe maonekedwe ake ali pafupi kwambiri ndi a Chichewa, ndipo tanthauzo lake likadali la kubowola kapena kupeka moto pozunguza ndodo.

Zilankhulo zomwe zimamveka kwambiri m'misewu ya Ekurhuleni zinatenga njira yachitatu. M'Chizulu ukuphehla ndi kupeka moto ndi ndodo yotchedwa uzwathi, komanso kutakasa mankhwala kuti achite thovu. Lero Chizulu chimati ukuphehla ugesi ponena za kupanga magetsi. Chisotho chimati ho fehla motlakase, Chitswana go fetlha motlakase. Kotero nkhani za pawailesi zonena za Eskom, za malasha onyowa ndi za kuzimazima kwa magetsi komwe kunayamba kusautsa dzikolo mu 2007, zimanenedwa ndi mneni wa timitengo tiwiri. Amene anasankha mneniyu sanaphonye. M'nyumba yopangira magetsi, nthunzi imazunguza mtanda wachitsulo, ndipo kuzungulira kwa mtandawo ndiko kumabala mphamvu, monga momwe kuzungulira kwa ndodo kunkabalira khala.

Chichewa sichinapereke kupeka ku magetsi, mwina chifukwa mneniyo anali atatengedwa kale ndi oimba. Komabe chinafika pafupi. Pambali pa mawu wamba akuti kupanga magetsi, pamamvekanso akuti kupukusa magetsi ponena za makina a pa mtsinje wa Shire, monga a ku Nkula omwe anayamba mu 1966. Kupukusa ndi ntchito ya kukhitchini, yozunguza kamtengo pakati pa zikhatho potakasa phala kapena thelere. Kayendedwe ka manja n'komweko kwa wopeka moto. Moto weniweniwo unalowa m'mayina a makina: galimoto, kuchokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ngolo ya moto, ndi njinga yamoto. Dzina lakuti magetsi ndi la gulu limodzi ndi ugesi wa Chizulu, amagetsi a Chindebele ndi magetsi a Chishona, ndipo onsewa amachokera ku mawu a Chingerezi akuti gas, a nyali za gasi zomwe zinkaunikira matauni magetsi asanafike. Kufanana kwa mawuwa kuyambira ku Rand, kudutsa Bulawayo ndi Harare, kufika ku Blantyre, kukutsata njira yomwe amuna a Wenela ndi a ku Halale anadzera pobwerera kwawo.